Munthu Amene Aphungu Sanamufunse Chomwe Anadzera

Agya Ntiamoah anabadwa akukalipa. Azamba amene anamulandira ankalumbira mpaka tsiku la imfa yawo kuti mwanayo sanalire ngati ana ena. Anayang'ana denga lodontha, n'kuyang'ana bambo ake, n'kutulutsa mawu amene anathothola mapapaya aawisi kuseri kwa nyumba. Bambo akewo, amene anali woimba dawuro wa mudzi wa Ntonsuaso, anangoti, "Basi, chitsulo chapeza mwini wake."

Dawuro ndi chitsulo chija chokhala ngati belu lopanda lilime, chimene munthu amachimenya ndi kamtengo pozungulira mudzi asanalengeze zimene akuluakulu agamula. Ntiamoah anachilandira ndevu zisanamere bwino. Kuyambira pamenepo, maliro, mbuzi yosochera, tsiku lolambula msewu, katemera wa ana, zonse zinkadzera pakhosi pake. Akalengeza pamsika, a kutsidya kwa mtsinje ankayankha kuti tamva. Nkhuku zinkaikira mazira awiriawiri chifukwa cha mantha. Ena amati tsiku lina ataitana anthu onse ku ntchito ya mudzi, kumanda kunadzuka nkhalamba ina n'kufunsa ngati nayonso ikufunika.

Koma munthu waphokoso yemweyu, pa nkhani ya mwambo anali wofewa ngati thonje. Bambo ake anamukhomerera m'mutu kuti mlendo akafika pabwalo la akuluakulu amapereka moni kuyambira kudzanja lamanja, amanena kuti kumene wachokera kuli mtendere, amakhala pansi, amalandira madzi, kenaka amadikira. Mwini khomo akafunsa kuti, "Amanee? Mwatiyendera chiyani?" m'pamene mlendo amamasula thumba lake. Ukapanda kufunsidwa, ngakhale nkhani ikuotche m'mimba ngati tsabola, umaisunga. Ku Ntonsuaso amakambabe za mkulu wina amene nyumba yake inagwira moto. Anathamangira kwa anansi, anawagwira chanza onse, anati kwathu n'kwabwino, anamwa madzi, ndipo atafunsidwa anati, "Ndadzabwereka ndowa." Nyumba inapsa yonse mpaka khasu, koma palibe anamunena kuti ndi wosaleredwa.

Tsono kunabwera okumba golide ndi zimakina zawo kumtunda kwa mtsinje wa Ntonsu. Madzi anasanduka achikasu, okhuthala ngati msuzi wa mtedza. Nsalu yoyera ukaichapa inkatuluka ngati wakolopera khitchini. Nsomba zinkakwera zokha kumtunda kukapempha malo m'chiwaya, zikuti bola mafuta otentha. Ana anatuluka zidzolo, mitengo ya koko ya m'mbali mwa madzi inayamba kuuma nsonga. Anthu anakwiya mpaka mkwiyo unawatopetsa.

Atamva kuti komiti ya aphungu yoona za madzi ikuitana anthu kulikulu kuti akanene mavuto awo, mudzi sunataye nthawi posankha. Anamuveka Ntiamoah nsalu yatsopano, anamupatsa botolo la madzi a Ntonsu, n'kumukweza trotro, minibasi ya kumeneko. Atabwerako anasimba kuti anawatsuka m'makutu aphunguwo. Chaka chotsatira nkhani inakula: wapampando anagwetsa misozi. Chaka china, mawindo anasweka. Pofika chaka chino, wapolisi wa pakhomo anali atakomoka kawiri. Mtsinje wokha ndi umene sunamve nkhaniyi, unakhalabe wachikasu.

Zinthu zinadzaphulika tsiku limene phungu wa dera, Olemekezeka Ofori-Dankwa, anaima pamsika ndi galimoto lake lalitali ngati sabata ya njala. Ameneyu ndi mwana wa m'mudzi momwemo, anthu amakumbukira akuthamanga wopanda kabudula. Amayi ogulitsa nsomba zouma anamuzinga.

"Olemekezeka, Ntonsu mwamuiwala? Kapena kulikuluko mumasamba mkaka?"

Phunguyo anatambasula manja ngati m'busa wa mpingo. "Amayi anga, ine ndikanatani? Munthu wanu yemwe, Agya Ntiamoah, anaima pamaso pa komiti n'kunena kuti ku Ntonsuaso kuli mtendere, choipa palibe. Zili m'buku la Nyumba ya Malamulo. Buku silinama."

Madzulo asanafike, Opanyin Boadu, wolankhulira mfumu, anali pakhomo pa Ntiamoah. Anapereka moni, anakhala pansi, anamwa madzi, ndipo atafunsidwa anati, "Ndadzatenga chitsulo."

"Opanyin, chitsulo cha bambo anga?"

"Cha mudzi. Bambo ako ankangochinyamula. Olemekezeka abweranso mwezi wamawa kudzalankhula pabwalo. Asanafike, ubwere ndi zimene zili m'bukulo, timve chimene pakamwa pako panakachita. Ukalephera, ntchito tipatsa Kyei, uja wa njinga yamoto ndi chinkuzamawu."

"Kyei? Uja mawu ake amachita kugula mabatire?"

"Mabatire sanatigulitsepo," anatero Boadu, dawuro ili m'khwapa.

Mkazi wake wa Ntiamoah, Maame Adutwumwaa, anali akusinja fufu, nsima ya chinangwa chophika, ndipo munsi sunaime. "Bambo a Dufie, zaka zonsezi ndakhala ndikumva za mawindo osweka. Lero ndikufunsani ine, mkazi wanu: munalankhuladi?"

"Ndinalankhula! Kumwamba kundimve!"

"Kumwamba kulibe vuto la madzi. Pitani mukatenge bukulo."

Mkwiyo umene anakwera nawo trotro unali wolemera, moti woyendetsa anafuna kumulipiritsa malo awiri.

Laibulale ya Nyumba ya Malamulo inali yozizira ngati mtima wa mwini nyumba za lendi. Patebulo la pakhomo panali mayi wa magalasi, Madamu Lamptey, amene anakhalitsa pakati pa mabukuwo mpaka kuyetsemula kwake kunkatulutsa fumbi la malamulo akale. Ntiamoah anayang'ana mashelefu. Mabuku akuluakulu ofanana, mzere pamwamba pa mzere, ukawayala pansi ukhoza kuyenda pamwamba pake kuchokera kunyanja mpaka kumalire akumpoto osaponda dothi.

"Zonsezi ndi zimene analankhula?"

"Zonse, Agya. Timati Hansadi. Phungu akangotsegula pakamwa m'Nyumbamo, wina amalemba."

"Ndiye kusukulu kwathu ana akulemba pa mchenga, mapepala onse anathera pano!"

"Tsitsani mawu. Mukufuna za m'Nyumba yaikulu kapena za komiti?"

"Za komiti ya madzi. Ndinalankhula ine."

"Liti?"

"Chaka chimene koko anadwala."

Madamu anavula magalasi. "Agya, koko amadwala chaka chilichonse. Ndi wodwaladwala kuposa apongozi anga."

Anayesa pa kompyuta. Anati zakale sizinalowemo zonse, komabe analemba dzina la mtsinje. Kompyutayo inaganiza, inaganizanso, n'kunena kuti palibe.

"Palibe?" Mawu a Ntiamoah anagwetsa kalendala pakhoma. "Ntonsu, amene anakokolola lole ya simenti pamodzi ndi woyendetsa wake? Ntonsu amene tonse tinabatizidwiramo? Bokosi ili likuti palibe? Liuzeni libwere kwathu lidzamwe!"

"Agya, mukakuwanso ndikuitanirani apolisi. Khalani apo. Yambani ndi mabuku a zaka zimene mukuganizazo, mwina mukumbukira china. Mabokosi a makomiti ndi ambiri, sindingawatsegule onse chifukwa cha koko wodwala."

Ntiamoah anaphunzira sukulu yokwanira kuwerenga Chingerezi ndi chala. Anakhala masiku angapo, akugona kwa msuweni wake, m'mawa kulawirira ku laibulale ndi kenkey, nsima yosasa yokulunga m'masamba, m'thumba. Ankawerenga monong'ona, koma kunong'ona kwake kunkagwedeza madzi m'matambula a anthu a chipinda chachitatu. Ndipo tsamba lililonse linkathira mafuta pamoto.

Anapeza tsiku lina aphungu akukangana masamba ambirimbiri ngati phungu wina anatchula mnzake mbuzi kapena anangoti amaganiza ngati mbuzi. Anapeza mkangano wa mipando yatsopano, yakuti yakaleyo inkapweteka misana ya olemekezeka. Anapeza mawu othokoza, mawu oyamikira othokozawo, ndi mawu ovomereza kuyamikirako. Penapake analemba kuti Kuseka. Penanso Kuseka. Ntiamoah anabaya tsambalo ndi chala mpaka pang'ono kuboola.

"Madamu, akuseka chiyani? Ndiuzeni, nanenso ndiseke! Mwana wa mchemwali wanga khungu lake likusupuka ngati la buluzi, awa akuseka, ndipo pali munthu amene amalipidwa kuti alembe kuti aseka!"

"Ndi ntchito yake, Agya."

"Nanga akaodzera amalemba?"

"Mapepala sangakwane," anatero Madamu, osakweza mutu.

Ngakhale m'chipinda munali mozizira, mkwiyo unamutulutsa thukuta. Anasolola kansalu m'thumba n'kupukuta nkhope. Kanali kansalu kaja amagawa pamaliro, kokhala ndi chithunzi cha malemu atavala bwino.

"Mlamu wanga uyu anachita mwayi," anadandaula. "Anapita asanaone manyazi anga. Tinamuika Loweruka, Lachiwiri lake ine n'kubwera kuno ndi botolo."

Madamu anatambasula dzanja. "Bweretsani kuno kansaluko."

"Ndapukutira, Madamu."

"Ndaona zoipa kuposa thukuta lanu." Anakagwira ndi nsonga za zala. Pansi pa chithunzi, ngakhale inki inali itasuluka, panali tsiku lobadwa, tsiku lomwalira ndi tsiku la maliro. "Mwakhala mukundivutitsa ndi koko, chonsecho mlamu wanu akudziwa tsiku lake ali m'thumba mwanu?"

Analowa kuseri, n'kubwera ndi bokosi. Anapatula mapepala omangidwa ndi chingwe, anatembenuza masamba, n'kuika chala. "Nayu. Mboni: Bambo Ntiamoah, wa ku Ntonsuaso, kudzera mwa womasulira."

Ntiamoah anaimirira, anakonza nsalu paphewa ngati munthu amene akukalandira mendulo, n'kuyamba kuwerenga.

Mboni inathokoza Mulungu. Inathokoza wapampando. Inapereka moni kwa aphungu mmodzimmodzi kuyambira kudzanja lamanja. Inabweretsa moni wa mfumu, wa akuluakulu, wa amayi ndi wa ana. Kenaka inati, "Kumene tachokera kuli mtendere. Sitinabwere ndi choipa." Mzere wotsatira unali waufupi: Mboni inabwerera pampando wake. Pansi pake panali timizere tingapo, kenaka: Belu la m'Nyumba litalira, msonkhano unatsekedwa.

Anatembenuza tsamba. Kuseri kunali koyera ngati mano a mwana.

"Zina zili kuti?"

"Zatha."

"Zatha bwanji? Za nsomba zili kuti? Za zidzolo? Pamene ndinakweza botolo m'mwamba n'kunena kuti amene ali mwamuna amwe?"

"Munazinena muli kuti, Agya?"

Ntiamoah anakhala pansi. Tsiku lija linabwerera lonse, lopanda zokometsera zimene anakhala akuthiramo. Anapereka moni wake bwinobwino, anakhala pansi, botolo lili pakati pa mapazi, akudikira madzi ndi funso. Madzi sanabwere, anati mwina n'chikhalidwe cha m'tauni. Funso linachedwa, anati akuluakulu sathamanga. Kenaka belu linalira, olemekezeka ananyamula mapepala n'kukhamukira kukhomo ngati ana a sukulu. Iye anawatsatira pakhonde, ndipo m'pamene anaphulika. Analankhula za nsomba, za ana, za koko, anakweza botolo. Amene anamva anali bambo wina wokolopa ndi wapolisi wa pakhomo. Wokolopayo anati pepani, n'kumupempha asunthe phazi.

"Pakhonde," anatero motsitsa, koyamba m'moyo wake.

Madamu anapukusa mutu. "Buku limamva pamene wapampando ali pampando. Za pakhonde zimapita ndi mphepo."

Mkwiyo unabweranso, tsopano wopanda koupititsa. "Ndiye lembani pano! Malo ndi awa, tsamba lonse likungokhala! Ndinena pang'onopang'ono, inu muzilemba."

"Ndikatero mawa ndikagulitsa malalanje pa siteshoni. Chimene ndingathe n'kukujambulirani masamba awa, ndidindepo chidindo. Mukufuna?"

Anawatenga. Pa siteshoni anaima nthawi yaitali pafupi ndi mayi wokazinga nsomba, akuganiza zomupatsa mapepalawo kuti akulungire makasitomala. Akanatha kukanena kumudzi kuti bokosi linadyedwa ndi chiswe. Koma chidindo chija chinkamuyang'ana ngati diso la bambo ake, ndipo anawapinda n'kuwaika m'thumba limodzi ndi mlamu wake.

Kunyumba, Maame Adutwumwaa anamukhazika pansi, anamupatsa madzi, n'kumufunsa monga mwa mwambo. Ntiamoah anawerenga, akumasulira mzere ndi mzere, mawu ali ngati a mwanapiye wonyowa. Atafika poti mboni inabwerera pampando wake, anafuna kupinda pepala.

"Mawindo aja asweka pati?" anafunsa mkaziyo.

"Maame, usandimenye ndili pansi."

"Wapolisi wakomoka mzere uti? Chabwino, zisiyeni. Nanga timizere ito mwalumphato tikuti chiyani?"

"N'zotsekera chabe."

"Werengani. Munalipira trotro ya mizere yonse."

Anawerenga. Wapampando: Kodi phungu wa dera limene mboniyi yachokera ali ndi funso lililonse kwa mboni? Olemekezeka Ofori-Dankwa: Ndilibe, wapampando.

Maame anaika pansi mbale imene anali nayo. "Bwerezani."

Anabwereza.

"Ndilibe? Mwana wa Pokuaa? Amene ankagawa madzi kwa alendo pabwalo lija ali kamnyamata? Wapampandoyo ndi wa kwina, mwina kwawo munthu amayamba nkhani ali pakhomo ngati wobwera kudzamenyana. Koma uyu! Anakuonani mwakhala pansi, botolo lili pamapazi, akudziwa bwino lomwe chimene mukudikira. Wapampando anachita kum'patsira funso m'manja, iye n'kuti ndilibe! Ndiye abwere pamsika adzatiuze kuti buku silinama?" Anamanga nsalu m'chiuno. "Dzukani. Inu ndinu chitsiru, koma chitsiru changa. Tiyeni kwa Opanyin."

Akuluakulu anamvetsera pepala lonse. Pamene Ntiamoah ankawerenga moni uja, mitu ina inkagwedezeka yokha, chifukwa moni wake unali wosalala, wopanda polumpha ngakhale pamodzi. Atafika pa ndilibe, nkhalamba ina inalavula pansi.

Opanyin Boadu anakanda chibwano. "Ntiamoah, unatinamiza zaka zonsezi ndi mawindo ako. Tinakutuma kukamenya nkhondo, iwe unakapereka moni."

"Munandiphunzitsa ndinu, Opanyin. Ndikanayamba osafunsidwa, mukananditcha mwana wa ndani?"

"Khala chete, ndikuganiza." Anaganiza mpaka mthunzi unasuntha. Kenaka anangoti, "Chitsulo chikhale kwa ine. Tsiku la Olemekezeka udzakhale pafupi nane."

Tsikulo linafika ndi dzuwa lotha kuwotcha chinangwa chili m'munda. Bwalo linadzaza. Olemekezeka Ofori-Dankwa anatsika m'galimoto atavala nsalu yolemera ngati bulangete, wowathandiza atanyamula mapepala a zimene adzalankhule. Anagwira chanza kuyambira kudzanja lamanja, mwaluso, osalumpha munthu. Ananena kuti kumene achokera kuli mtendere, sanabwere ndi choipa. Anakhala pampando umene anawaikira, umene tsiku limenelo unapezeka kuti uli kunja pang'ono kwa mthunzi.

Maame Adutwumwaa anabwera ndi chikho m'manja awiri, anawerama mwaulemu wonse. M'chikhomo munali Ntonsu weniweni, womutunga m'mawa womwewo, wokhuthala moti supuni ikanaima. Phunguyo anayang'ana madzi, anayang'ana anthu, anakhudzitsa chikho pamlomo wotseka, n'kuthira pang'ono pansi. Nyerere zimene zinali pamenepo zinasamuka ndi katundu yemwe.

Kenaka anadikira.

Wofunsa amanee pabwalo ndi wolankhulira mfumu, palibenso wina. Opanyin Boadu anali atatsamira ndodo yake, akuyang'ana mbalame ina m'mtengo ngati ndi m'bale wake wotayika. Phunguyo anatsokomola. Boadu anayang'ana zikhadabo zake. Phunguyo anasuzumira wotchi, anapukuta thukuta, anamwetulira amayi, amayi n'kumubwezera nkhope za pamaliro. Mapepala anayamba kufewa m'manja mwa wowathandiza. Kawiri Olemekezeka anatsegula pakamwa, kawiri anatseka, chifukwa kuyamba nkhani osafunsidwa pamaso pa mudzi umene unakubala ndiko kulengeza wekha kuti amayi ako sanakulere. Anapsa pampandopo mpaka ena amati fungo la nyama yowotcha linafika kumsika.

Pomaliza Boadu anatembenukira kwa anthu. "Kodi alipo amene ali ndi funso kwa mlendoyu?"

Bwalo lonse, kuyambira nkhalamba mpaka makanda a kumsana, linayankha pamodzi: "Tilibe!"

Boadu anapisa pansi pa mpando, anatulutsa dawuro, n'kuiika m'manja mwa Ntiamoah. "Tseka msonkhano. Ndipo ulengeze kuti komiti ikadzaitananso, amayi a pamsika ndiwo adzapite. Iwe udzanyamula botolo."

Ntiamoah anafuna kutsutsa za botolozo, koma mkazi wake anamuyang'ana, iye n'kuzisiya. Anamenya chitsulo katatu. Kenaka anatsegula khosi limene silinalengeze kanthu mwezi wathunthu, ndipo mapapaya a mudzi wonse anagwa tsiku limodzi. Kyei, amene anabwera ndi chinkuzamawu chake ali ndi chiyembekezo, anachotsa mabatire mwakachetechete n'kukaika mu tochi.

Galimoto lalitali lija linatuluka m'mudzi mopanda kuimba hutala. Powoloka mlatho, Ntonsu anali pansi pake, wachikasu ngati dzulo, ndipo Ntiamoah anali kale pa ngodya ya msika, akukalipira amayi kuti ayambe kuyeserera kulankhula asanafunsidwe.